Ndapeza yankho pa funso lija la mitochondria

Sabata yatha ndinafunsa kuti ngati DNA ya mu mitochondria (tizigawo ta m'maselo topanga mphamvu) timatengera kwa mayi okha, zimatheka bwanji kuti matenda ena a mitochondria mwana atengere kwa bambo. Vuto linali kamvedwe kanga.

DNA imeneyi imapanga mapuloteni 13 okha. Ena onse, opitirira 1,000, amapangidwa kunja kwa mitochondria potsatira majini a mu nyukiliyasi (phata la selo), omwe timatengera kwa makolo onse awiri. Polowa mu mitochondria amadutsa pa zipata za TOM ndi TIM ali otambasuka ngati ulusi, poti khomo lake ndi lopanikiza. Akafika m'kati ayenera kupindidwa bwino kuti agwire ntchito. Apa ndiye pandisangalatsa: pali HSP60, puloteni yooneka ngati mgolo, ndi HSP10, chivundikiro chake. Puloteni yatsopano imatsekeredwa mumgolomo n'kutuluka itapindika, ndipo ntchitoyi imadya ATP, yomwe ili ngati mafuta a selo.

Jini ya HSP60, HSPD1, ili pa chromosome 2, umodzi mwa mitolo ya DNA ya mu nyukiliyasi. Mu 2002 akatswiri anapeza kuti kulakwika kwake, m'banja lina la ku France, kumayambitsa SPG13, matenda oumitsa miyendo pang'onopang'ono. Kutengera jini yolakwikayo kwa kholo limodzi, kaya bambo kaya mayi, n'kokwanira. Mu 2008 kunadziwikanso MitCHAP-60, matenda oopsa a ubongo wa makanda, omwe amabwera mwana akatengera jini yolakwika kwa onse awiri.

Chondizunguzabe mutu n'chakuti HSP60 ili pafupifupi m'maselo onse, koma mu SPG13 yoyamba kufooka ndi mitsempha italiitali yotsika mumsana.