Deta ya RDF tiisunge pati: PostgreSQL, Neo4j kapena triple store?

wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi kaundula wa mabuku ndi olemba ake, mu RDF (deta yolembedwa ngati ma triple, kutanthauza timfundo ta magawo atatu: subject, predicate, object), ma triple pafupifupi 5 miliyoni m'mafayilo a Turtle (kalembedwe ka RDF), mitu ya nkhani inasanjidwa ndi SKOS (njira ya RDF yosanjira mitu). Tikufuna kulumikiza olemba ndi Wikidata, nkhokwe ya deta yotseguka ya Wikimedia. Seva ili ndi RAM ya 8 GB. Tisankhe chiyani?

wa_maseva: Poti deta ili kale mu RDF, musaivutitse. Ikani triple store, database yosungira ma triple: Apache Jena Fuseki (seva yoyankha mafunso) ndi TDB2 (posungira deta pake). Polowetsa koyamba zimitsani Fuseki, mugwiritse tdb2.tdbloader, kukweza kudzera pa browser kumachedwa. Pomwe ambiri amaphonya ndi pa Java heap, memory yomwe mumaipatsa pulogalamu ya Java ngati Fuseki: amaipatsa RAM yonse poganiza kuti ifulumira. Ayi. TDB2 imadalira memory ya Linux powerenga ma index, ndiye heap ya 2 GB yakwana, yotsalayo musaikhudze. Chinanso, mukafufuta deta mafayilo sachepa, amangokulirakulira. Muzichita compact (kupanikiza mafayilowo), disiki isanadzaze.

sql_basi: PostgreSQL, database ya matebulo, musaitaye msanga, achimwene. Ngati buku lililonse lili ndi mutu, wolemba ndi chaka basi, matebulo wamba ndi okwanira. Choipa n'kuthira zonse m'tebulo limodzi la subject, predicate, object. Funso la mfundo 8 limafuna kuti tebulolo lidzilumikize lokha ka 7, planner (yosankha njira yoyankhira funsolo) n'kuyamba kulota manambala. Kukwera mitu ya SKOS kumafuna WITH RECURSIVE, pomwe mu SPARQL, chilankhulo chofunsira RDF, mungolemba skos:broader+ mwatha.

wofunsa: Nanga Neo4j? Ndimamva ikutamidwa.

wa_magrafu: Neo4j, database ya magrafu, ndi yabwino ngati ubale weniweniwo uli ndi zake, monga "anamasulira" pamodzi ndi chaka. Koma imayankhula chilankhulo chake cha Cypher, osati SPARQL, ndiye SERVICE, lamulo la SPARQL lofunsira maseva ena monga wa Wikidata, mulibe. Turtle imalowa kudzera pa plugin ya neosemantics, komabe imeneyo ndi ntchito yowonjezera. Blazegraph, triple store ina, ilekeni ngakhale Wikidata inamangapo query service yake. Eni ake a Blazegraph anaisiya kalekale kuikonza.

Polumikizapo samalani. owl:sameAs imatanthauza kuti zinthu ziwiri zomwe mwalumikizazo ndi chinthu chimodzi ndendende. Mukayatsa reasoner (pulogalamu yotulutsa mfundo zatsopano kuchokera pa zomwe zilipo), zonse za uyu zimakoperedwa kwa uyo, ndipo mukasokoneza olemba awiri a dzina limodzi, mabuku awo amasakanikirana. Pa mitu gwiritsani skos:exactMatch. Zochokera ku Wikidata muziike mu named graph (gulu la ma triple lokhala ndi dzina) yakeyake, kuti zikavuta DROP GRAPH imodzi ichotse zokhazo.