Cruise ya ku Alaska ndi amayi: ma tour tigule musitima kapena panja?

Nachisale82

Moni nonse abale. Ndikufuna nzeru kwa amene munakwerapo cruise ya ku Alaska kapena mumagwira ntchito musitima zimenezi. Tabukitsa ya masiku 7 yonyamukira ku Seattle kumayambiriro kwa June, ine, bambo a kunyumba ndi amayi anga. Sitima ikaima ku Juneau, Skagway, Ketchikan kenako Victoria madzulo a tsiku lomaliza. Ndiye pa app ya kampani atiikira mndandanda wa ma tour, abale mutu waima, chilichonse akuti musaphonye, mitengo yake nayonso si yamasewera, kukaona anamgumi munthu mmodzi madola opitirira 150, za helikopita ndiye sindikunena nkomwe, ndiye muchulukitse katatu pa doko lililonse muone pomwe tikufika.

Amayi ndi achikulire ndithu, bondo limawavuta, mtunda wautali sayenda. Chomwe akufuna iwo ndi chimodzi basi, chimbalangondo, akuti atopa nkumangochimva mu nkhani ya Davide ku tchalitchi. Bambo a kunyumba akufuna anamgumi. Ine ndikungofuna tisabwereko osauka kkkk. Ndiye tigule musitima momwemo kapena kwa ma kampani a panja omwe ndikuwaona pa intaneti otchipirako? Nanga nyama ziti zimaoneka doko liti?

Mkulu_wa_pa_Deck4

Achemwali, ine ndimagwira musitima, mbali ya ma cabin, ndipo Alaska ndayendako. Tisanafike pa nyama tiyambe ndi mapepala. Amayi ali pa chani? Sitima zonyamukira ku Seattle zimayenera kuima ku Canada chifukwa cha lamulo lakale la ku America la 1886, loti sitima yolembetsedwa dziko lina isamangozungulira madoko a America okhaokha, nchifukwa chake mukuona Victoria pa mndandanda wanuwo. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Canada, ndipo olo munene kuti ife sititsika ku Victoria, pa geti ku Seattle sakulolani kukwera. Amene ali ndi green card, khadi lokhalira ku America mokhazikika, safunika viza, koma anyamule pasipoti ndi khadiyo zonse ziwiri. Ngati ali pa viza ya alendo onaninso kuti ndi yolowera kamodzi kapena kangapo.

Tsopano za funso lanu. Kusiyana kwenikweni ndi kumodzi: tour yogula musitima ikachedwa, sitima imadikira, kapena kampani ndi yomwe imaona zoti mukaipeze bwanji. Ya panja ikachedwa, zanu zimenezo. Ndipo Juneau si malo oti munganene kuti tingopeza taxi tiithamangire, kulibe msewu wotuluka mu tauni imeneija kupita kwina, ndi ndege kapena boti basi. Ine ndaonapo anthu akuthamanga pa doko ndi majumbo a zogula gangway, kamlatho kokwerera sitima kaja, atakoka kale, ogwira ntchito tonse tili pamwamba kumangoyang'ana, palibe chomwe ungachite.

Chinanso anthu amaiwala, nthawi yolembedwa yonyamukira si nthawi yanu. Yanu ndi ya all aboard, nthawi zambiri mphindi 30 sitima isananyamuke. Komanso Alaska ili kumbuyo kwa Seattle ndi ola limodzi, foni nthawi zina imasintha yokha nthawi zina ayi, ndiye potuluka yang'anani bolodi lomwe amaika pa gangway mufananize ndi wotchi yanu. Ine ndinganene kuti ndi munthu wamkulu wa bondo lovuta gulani musitima mugone tulo.

Mai_a_Tadala_Tacoma

Akulu a pa Deck 4 zamapepalazo zoona, koma zoti zonse agule musitima ndakana pang'ono. Inu mukulankhula ngati munthu wa kampani kkkk. Ma tour ambiri omwe sitima imagulitsa amayendetsa ndi anthu a konko omwewo, sitima imangoikapo yake pamwamba. Ndipo ma kampani a panja ku Juneau moyo wawo wonse ndi anthu a musitima, ndandanda ya sitima iliyonse amaidziwa kuposa ife okwera, munthu akasiyidwa kamodzi chifukwa cha iwo mbiri yawo yathera pompo.

Mmene ine ndimaonera, musayambe ndi funso la musitima kapena panja, yambani ndi maola. Tsegulani ndandanda muone sitima ikhala maola angati pa doko lililonse. Ku Juneau zambiri zochokera ku Seattle zimafika masana nkunyamuka usiku, nthawi ilipo yambiri, komanso mu June kumada mochedwa kwambiri, 9 koloko usiku kukuwalabe. Pamenepo tour ya panja palibe choopsa bola musankhe yomwe ikutha kutatsala maola awiri. Ku Ketchikan ndi kwina, zambiri zimafika m'mamawa nkunyamuka cha masana chifukwa kupita ku Victoria ndi mtunda, apo ndiye chilichonse chopita kutali gulani musitima kapena chisiyeni.

Anamgumi ndi ku Juneau, ndalama yanu ikani pamenepo. Maboti sanyamukira pomwe sitima imaima, amakutengani pa basi mpaka ku Auke Bay, mwina theka la ola. Anamgumi ake ndi aja a humpback, nthawi yozizira ambiri amakhala ku Hawaii komwe amaswana, chilimwe amabwera kudzadya kuno, ndiye kuyambira May mpaka September alipo ndithu moti ma kampani ambiri amalonjeza kubweza ndalama mukapanda kuona. Koma bambo a kwanuwo muwauziretu, zodumpha thupi lonse zija za pa YouTube sizichitika tsiku lililonse. Chomwe mumaona kawirikawiri ndi mpweya woyera ukufwamphuka m'mwamba ngati utsi, phokoso lake mumalimva bwinobwino injini akazimitsa, kenako msana wakuda ukupindika pang'onopang'ono, kenako mchira kutuluka madzi akuyoyoka, nkumira. Mukatero mudikira mphindi zingapo aliyense akuyang'ana mbali yake. Mchira uliwonse uli ndi mawanga ake kunsi ndiye oyendetsa boti amawazindikira mmodzimmodzi, ena anawapatsa ndi mayina omwe.

Lamulo la ku Alaska limati boti lisayandikire namgumi kupitirira mayadi 100, ndiye wina akamakulonjezani kuti tifika pafupi mpaka mumugwire ameneyo ngwabodza kapena ngophwanya lamulo. Yang'anani ma kampani omwe ali mu pulogalamu ya Whale SENSE, ya maboti otsatira malamulo oonera anamgumi. Ma binoculars tengani, olo otchipa a ku Walmart.

Pa nkhani ya amayi, apa pokha ndigwirizane ndi akuluwa pang'ono. Anthu amatamanda timaboti ta anthu 6 kapena 12 kuti mumaona bwino popanda kukankhana, zoona, koma timadumpha pa mafunde, polowera pake pamafuna mwendo wolimba ndipo chimbudzi chake nkabowo. Boti lalikulu lili ndi mipando mkati, mawindo akuluakulu, motenthera, tiyi. Imbani foni mufunse masitepe ndi angati komanso kutsetsereka kwa kanjira kotsikira ku boti, chifukwa madzi akaphwa kamakhala kotsetsereka zedi.

Ambiri amaphatikiza anamgumi ndi Mendenhall Glacier, chiphiri cha madzi oundana chija, pafupifupi makilomita 20 kuchokera mtauni. Nchabwino, koma onani kuti akukupatsani nthawi yaitali bwanji pamalopo. Amayi atha kufika pa Photo Point, kanjira kake nkakafupi kosalala. Ku mathithi a Nugget Falls ndi makilomita atatu kupita nkubwera, apo apite abambowo okha. Basi ya mtauni yotchipa ija musayerekeze, imakusiyani patali makilomita opitirira awiri.

Nachisale82

Zikomo kwambiri nonse. Amayi ali ndi green card, akhala nafe kwakanthawi, ndiye za viza tapulumuka, pasipoti ndaiona ikadali ndi nthawi. Nanga chimbalangondo cha amayi chija? Ndikuona tour ya ku Ketchikan pa chithunzi chimbalangondo chili ndi nsomba kukamwa.

Kambuzi_wa_ku_Dwangwa

Asisi chithunzi chimenecho anajambula mu August, inu mukupita kumayambiriro kwa June, nkhani yonse yagona pamenepo. Zimbalangondo zimatsikira ku mitsinje chifukwa cha salmon, ndipo salmon imachita ngati mpasa wa mu Bua uja, imakhala kunyanja nkumakwera mtsinje nyengo yake ikakwana kukaikira mazira, isanakwane nyengoyo mtsinje umakhala ulibe kanthu. Ku mitsinje yambiri ya kumeneko nsomba zimadzaza kuyambira pakati pa July mpaka August ndi September. Ku Herring Cove kufupi ndi Ketchikan, komwe ma tour ambiri otchipirako amapita, ndi choncho. Ku Steep Creek pafupi ndi Mendenhall chimodzimodzi, kumapeto kwa July zimbalangondo zakuda zimaoneka anthu ali pa kamlatho ka matabwa, koma June ndi mwayi chabe. Werengani tizilembo tating'ono pansi pa tour imeneyo mupeza alemba kuti kuona nyama sitikulonjeza. A anamgumi amalonjeza, a zimbalangondo salonjeza, pamenepo mudziwe nokha.

Malo enieni a zimbalangondo monga Anan Creek, Neets Bay kapena Pack Creek pa chilumba cha Admiralty amafuna kandege kotera pamadzi kapena boti, mtengo wake ndi wa madola mazanamazana munthu mmodzi, enanso amatsegula July. Kukwera kandegeko nako umaponda pa chitsulo chopapatiza chikugwedezeka pamadzi, ndi bondo la amayi sindikuona.

Ndiye mu June chimbalangondo chimadya chani? Udzu wanthete ndi timaluwa tachikasu ta dandelion tomwe timamera m'mbali mwa msewu. Nchifukwa chake mwayi wanu ine ndikuuona ku Skagway, pa msewu wa Klondike Highway wopita ku Carcross ndi Emerald Lake ku Yukon. Madalaivala a timabasi ta tour amauzana pomwe chaoneka, amaima, inu nkumaonera pa windo chili phee kumwetula maluwa osakulabadirani nkomwe. Sikuti ndikulonjeza, koma nyengo imeneyo kumeneko nkomwe ndingaikeko ndalama yanga, ndipo amayi akhala chikhalire pampando. Mukuwoloka malire kulowa Canada ndiye pasipoti ndi green card zikhale mchikwama, osati mu sefa ya ku cabin.

Ilipo tour yophatikiza, kukwera pa sitima ya pamtunda ya White Pass mpaka ku Fraser kenako basi kupitirira ndi kubwerera. Njanji imeneyo anayamba kumanga mu 1898 nthawi ya chipwirikiti cha golide wa ku Klondike, anamaliza mu 1900, imakwera mamita pafupifupi 870 pa mtunda wa makilomita 32 okha, ikuyenda m'mphepete mwa phompho ndi kudutsa milatho ya matabwa. Pokwera khalani kumanzere. Ilipo ina yongofika pamwamba nkubwerera osatsika, pafupifupi maola atatu, koma imeneyo ndi ya maso pa mapiri, nyama musayembekezere kwambiri. Yophatikizayo imatenga pafupifupi tsiku lonse ndipo pali za malire, ndiye iyi yokha ndingagule musitima monga akunenera akulu a pa Deck 4, pa boda sudziwa mzere ukhala wotani.

Ku Ketchikan musalipire kanthu. Tauni ili pompo, Creek Street ndi nyumba zake zomangidwa pa mitengo pamwamba pa mtsinje mungoyenda pang'onopang'ono, nkhwazi za mutu woyera zili mbwee pa mitengo ndi pa madenga aulere. Mukafuna mitengo yosema ija ya a Tlingit ndi a Haida, mitundu ya eni nthaka a kumeneko, pitani ku Totem Heritage Center kapena ku Saxman. Kungoti mvula, kumagwa yoposa mamita atatu ndi theka pa chaka, jekete la mvula aliyense lake, ambulera mphepo imathyola.

Mkulu_wa_pa_Deck4

Mai a Tadala ine si wa kampani, ndimangoyala mabedi kkkk, koma chabwino pa Juneau mwawina. Kuwonjezera pa za Ketchikan, achemwali funsani sitima yanu ikaima pati. Za kampani ya Norwegian zimakonda kuima ku Ward Cove, makilomita 11 kunja kwa tauni, mumakwera shuttle ndipo pobwerera mzere umatalika, ndiye pa maola ochepa aja chotsanipo ola lathunthu.

Za helikopita ndi tindege dziwani kuti nyengo ikaipa amalepheretsa tsiku lomwelo. Mukagula musitima ndalama imabwerera yokha ku akaunti yanu, a panja werengani kaye malamulo awo, makamaka funso ili: sitima ikasintha ndandanda kapena ikalephera kuima pa dokolo mubweza zonse? Akayankha mozungulira asiyeni. Tram ya ku Mount Roberts ku Juneau, kangolo kokwera phiri pa chingwe, musaguliretu, ili pa doko pomwepo, mukaona phiri lavala mitambo mwapulumutsa ndalama. Victoria mumafika madzulo nthawi zambiri maola ake ochepa, munda wa maluwa wa Butchart Gardens ndi patali ndithu, ine ndingangotenga shuttle kukaona nyumba ya malamulo itayatsidwa magetsi nkubwerera.

Komanso m'mamawa sitima ikamayenda tulukani pa deck ndi kapu ya tiyi. Anamgumi, akatumbu a m'nyanja, ma porpoise, ife ogwira ntchito timaziona osalipira olo tambala.

Nachisale82

Mwandithandiza abale. Ndiye tatere: Juneau boti lalikulu la panja kuphatikiza Mendenhall, Skagway njanji ndi basi togula musitima, Ketchikan ndi Victoria miyendo yathu. Amayi ndawauza kuti chimbalangondo chake mwina chikhala chodya maluwa osati nsomba, akuti bola chikhale chamoyo. Funso lomaliza, mankhwala a nseru amwe kuyambira liti? Ndamva kuti tsiku loyamba kuchoka ku Seattle kumagwedeza.

Mai_a_Tadala_Tacoma

Eya, zochokera ku Seattle zimadutsa kunja kwa Vancouver Island pa nyanja yeniyeni ndiye tsiku lotsatira mutanyamuka ndi lomwe limavuta, mukalowa pakati pa zilumba kumakhala bata. Amwe usiku woyamba asanagone osadikira kuti ayambe kumva chizungulire, koma poti ndi achikulire ndipo mwina ali pa mankhwala ena a BP afunse kaye adokotala awo, ena amagonetsa kwambiri.