Waya wowongola mano ukamabaya tsaya, tichite chiyani kuno ku Mangochi?

Akuluakulu amene mumagwira ntchito ya mano, tithandizane nzeru. Kuno ku Mangochi kuli achinyamata omwe anaikidwa mawaya owongola mano ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo kubwerera kwa dokotala wawo pa masabata 4 mpaka 8 aliwonse ambiri kumawakanika chifukwa cha thiransipoti.

Vuto lalikulu ndi waya woyamba uja, wowonda, wa nickel-titanium, nthawi zambiri wa 0.014 inchi. Mano akayamba kufola bwino, waya umatsala wautali n'kutulukira kumbuyo kwa kachubu ka pa dzino lomalizira, n'kumabaya tsaya mpaka chilonda. Phula lotsekera limangothandiza masiku ochepa. Kodi nsongayo mumadula ndi chiyani ngati mulibe distal end cutter, pulayala yodulira nsonga ya waya m'kamwa imene imagwira kachidutswako kuti kasagwere kukhosi? Kutchinga ndi gozi n'kudula ndi chodulira waya chowiritsidwa bwino n'kokwanira?

Kwinanso ndi bulaketi (kachitsulo komatidwa pa dzino kogwira waya) ikamatuka, kawirikawiri chifukwa cha nzimbe, chimanga chokazinga kapena mtedza. Kuimatanso kumafuna kupala zomatira zakale, kupaka asidi wa phosphoric wa 37% kwa masekondi 15 mpaka 30, kutsuka, kuumitsa, kenako kumata ndi composite (chomatira cha mano), malovu osafikapo. Koma bulaketi ikakhala pokwera kapena potsika ndi theka la milimita lokha, dzino limatsatira cholakwikacho. Ndiye timate tokha, kapena tingoichotsa pa waya n'kumutumiza mwanayo kwa amene anamuika mawayawo?

Nanga retainer yapulasitiki (yovala m'kamwa kuti mano asasunthe mawaya akachotsedwa) ikapindika ndi dzuwa la kuno, munthu angadikire masiku angati mano asanayambe kubwerera mwakale?