Rusalka ndi domovoy: m'Chingerezi ndilembe chiyani?

Wa ku Kasungu: Akuluakulu, ndikumasulira nthano za Chirasha kupita m'Chingerezi. Rusalka ndilembe mermaid? Nanga domovoy?

Aphunzitsi a ku Mchinji: Ayi mayi, mermaid musayerekeze. Rusalka wa nthano zakale ali ndi miyendo, osati mchira wa nsomba. Ndi mzimu wa mtsikana womira, umatuluka m'madzi n'kukwera m'mitengo. Liwu lakuti rusalka lisiyeni choncho, mungolifotokoza pomwe layamba kupezeka.

Wa ku Kamwendo: Domovoy lachokera ku dom, nyumba. Amakhala kuseri kwa chitofu chanjerwa, amateteza banja ndi ziweto, eni nyumba amamusiyira mkaka. Lembani house spirit. Demon ayi, owerenga angamuyese chiwanda. Limenelo musungire bes, liwu la Chirasha lotanthauza chiwanda.

Wa ku Kasungu: Zikomo. Prizrak bwanji?

Aphunzitsi a ku Mchinji: Ghost. Koma dukh ndi spirit, dusha ndi soul, musaphatikize.