Makina odziphunzirira okha ngati NELL amazindikira bwanji kuti alakwitsa?

Akuluakulu odziwa za makompyuta, ndithandizeniko. Ndikukonzekera phunziro la ana a Fomu 4 ku kalabu yathu ya kompyuta, ndipo ndasankha kukamba za NELL, pulogalamu imene gulu la Tom Mitchell linayambitsa ku Carnegie Mellon University, mumzinda wa Pittsburgh, mu Januwale 2010. Anaipatsa magulu a zinthu monga mizinda, masewera ndi makampani, gulu lililonse ndi zitsanzo zochepa chabe, kenaka n'kuisiya kuti iziwerenga masamba a pa intaneti usana ndi usiku. Ikaona kuti mayina a mizinda amakonda kubwera pambuyo pa mawu akuti "meya wa", dzina latsopano lopezeka pamenepo inkaliganizira kuti nalonso ndi mzinda.

Mpaka apa ndikumva bwinobwino. Pandizunguza mutu ndi apa: NELL inafika poika ma cookie a pa intaneti (timafayilo timene masamba a pa intaneti amasunga mu kompyuta yanu) m'gulu la zophikidwa mu uvuni, limodzi ndi buledi, poti cookie m'Chingerezi ndi bisiketinso. Ndinaseka, koma kuseka kunandithera msanga. Zimene inkaphunzira lero ndi zomwe inkasakira za mawa, ndiye bodza limodzi likalowa silingaswane?

Ndawerenga kuti anaiikira malamulo, monga lakuti chinthu sichingakhale mzinda komanso munthu, ndiponso kuti anthu ankaikonza apo ndi apo. Kodi zimenezi zinkakwanira? Nanga masamba ambirimbiri akangokoperana bodza limodzimodzi, makina amalisiyanitsa bwanji ndi zoona?

Amene muli ndi chitsanzo chosavuta, chonde chikhale choti ndingalembe ndi choko pa bolodi. Makompyuta ogwira ntchito tili nawo atatu okha.