Pulogalamu ya zithunzi ikungofuna password ya admin, nditani?

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndithandizeni. Pashopu panga timasindikiza mapepala ndi kukonza zithunzi za pa ziphaso. Sabata yatha ndinamutsegulira mtsikana wondithandiza akaunti yakeyake ya Standard (yopanda mphamvu za admin) pa Windows 10, chifukwa ma flash a ana asukulu andibweretsera ma virus okwanira. Vuto ndi lakuti akangodina pulogalamu yokonzera zithunzi, sikirini imada, kenako imafuna password ya admin. Dzulo ndili pamzere kubanki anandiimbira katatu, makasitomala ali chilili. Pachizindikiro cha pulogalamuyo pali kachishango ka buluu ndi chikasu. Chinanso, ndikailowetsa ndekha password, chithunzi ndikachikoka mufoda n'kuchiponya mupulogalamumo sichilowa. Password yangayo sindikufuna kumupatsa.

Wa ku Chikanda: Achimwene, lembani UAC pa Start (ndi chitetezo cha Windows chomwe chikufunsa password-cho), kandodo komwe kaoneke pamenepo mukatsitsire pa Never notify. Ine ndimatero.

Mayi a labu ku Domasi: Ayi mwanawe, pamenepo musawasokeretse. Kwa munthu wa akaunti ya Standard, mukatsitsa kandodoko Windows siifunsanso, imangokana mwakachetechete, pulogalamu osatseguka. Ndipo akaunti ya bamboyi ikhala pambalambanda, chilichonse cha mu flash chizilowa osagogoda. UAC inabwera ndi Windows Vista pofuna kutseka khomo lomwelo.

Bambo a ku Chinamwali, chithunzi chikukanacho ndiye chikutiuza nkhani yonse. Windows siilola pulogalamu wamba ngati File Explorer kuponyera zinthu mu pulogalamu yomwe yatsegulidwa ndi mphamvu za admin. Ndiye kuti wina anaiika kuti izitseguka choncho. Dinani kumanja pachizindikirocho, Properties, kenako Compatibility. Onani ngati pa Run this program as an administrator pali chochonga.

Wa ku Chinamwali: Chilipodi mayi, koma chatuwa, sichikudinika.

Mayi a labu ku Domasi: Ndiye kuti anachongera anthu onse a pa kompyutayo. M'munsi mwake muli batani la Change settings for all users. Lowani mmenemo ndi password yanu, muchotse chochongacho, Apply. Musathamange: bwererani pa Shortcut, dinani Advanced, chifukwa namonso mumakhala kabokosi kena ka Run as administrator. Anthu ambiri amachotsa kamodzi n'kuiwala kenako, basi n'kumati Windows yapenga.

Madala a pa Mpondabwino: Ndionjezereko pang'ono. Mapulogalamu ena anawapanga kuti azifuna admin kuchokera m'kati mwake, moti ungachotse zochonga zonse kachishangoko sikachoka. Ikakhala yotero, pangani fayilo ya .bat (kafayilo ka malamulo omwe Windows imatsatira mukakadina), mzere woyamba mulembe set __COMPAT_LAYER=RunAsInvoker, wachiwiri njira yosonyeza pomwe pali pulogalamuyo mu kompyuta. Imatseguka ndi mphamvu za amene waidina, sikuti ikumupatsa za admin. Koma yambani ndi zimene mayi anenazi.

Wa ku Chinamwali: Zatheka! Yatseguka osafunsa kanthu, chithunzi ndikachiponya chikulowa. Koma tsopano mtsikanayu akati Save, ikuti Access denied.

Madala a pa Mpondabwino: Ehee, pamenepo ndi pomwe panagona nkhani. Taonani foda yomwe ikufuna kusungamo. Ndikukhulupirira kuti ili mu C:\Program Files, ndipo wa Standard saloledwa kulembamo. Amene anakuikirani pulogalamuyo anakumana ndi zomwezi, m'malo mosintha foda anangoipatsa ufumu wonse. Mapulogalamu akale a nthawi ya Windows XP ndi khalidwe lawo limenelo. Lowani m'ma settings ake, muiuze izisunga mu Pictures kapena Documents. Ikakana, pa foda yokhayo yosungiramo pitani Properties, Security, Edit, muwapatse Users chilolezo cha Modify. Foda imodzi yokha, osati Program Files yonse.

Wa ku Chikanda: Kandodo kaja ndakabwezera m'mwamba pa makina anga onse atatu, mayi. Zoti wa Standard imangomukana ndinali ndisakuzidziwa.

Wa ku Chinamwali: Inalidi mu Program Files, madala. Ndatsegula foda ya Makasitomala mu Pictures, wasunga zithunzi ziwiri ine ndikuonerera, chimodzi tasindikiza kale. Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndiyang'ananso ya scanner, nayonso ili ndi kachishango komweko.