Mwana wobadwa masiku osakwana maso achita chikasu, tibwerere kuchipatala?

Amayi anzanga, makamaka anamwino ndi azamba muli muno, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga anachira Lachiwiri sabata yatha kudzera pa opaleshoni, mwana wamwamuna, koma wabadwa masiku osakwana. Sikelo inawerenga makilogalamu 1.9. Ine ndiye ndinali gadiyani.

Anatiika mu wodi ya kangaroo, komwe mwana umam'gonetsa pachifuwa khungu kukhudzana ndi khungu, atavala thewera ndi kachipewa basi, kenako n'kumanga chitenje. Tinkalandizana ndi mayi ake, popeza bala likumupweteka moti kudzuka pabedi amachita kugwirira khoma. Mwanayu akayamwa pang'ono amatopa n'kugona, ndiye timafinyira mkaka wa m'mawere m'kakapu n'kumam'mwetsa pang'onopang'ono, usiku womwe.

Dzulo atitulutsa. Namwino anali yekha wodi yonse, anafotokoza mothamanga ndipo zina zinandidutsa. Sindikumuda, ndinaona ndekha mmene anatopera.

Tsono lero m'mawa nditam'tulutsa powala ndaona maso ake achita chikasu, ngakhale kamphuno. Kodi tidikire tsiku lomwe analemba m'kabuku, kapena tinyamuke lero lomwe? Ulendo wake ndi wa kabaza kenako minibasi, ndipo mayi wa bala lotere ndikuopa kumukweza njinga. Ndingapite ndi mwana ndekha, nanga akayamwa chiyani?

China ndi mchombo. Apongozi ake afika ndi mankhwala akuti tipake ugwe msanga, pomwe kuchipatala anatiletsa kupakapo zakumudzi. Inu munawakaniza bwanji akuluakulu popanda kuoneka amwano?